Chiberekero cha Tionge

Liwaladzi,
13 Febuluwale, 2022

Wokondedwa mwana wanga Rute,

Landira moni wa kuno kumudzi. Ine ndadzuka, miyendo yokhayi ndiyo imandivuta mvula ikagwa. Kaya iwe ku Joniko ndi mabwana ako? Bulangete lija ndi mafuta, a Rashidi anandipatsira m'manja, Mulungu akuonjezere.

Ndalemba kalata chifukwa foni unatumiza ija amasunga ndi amalume ako a Cyril. Amati ine ndingaiwononge. Ukaimba amaima pambali panga mpaka ndimalize, ndiye zina sindingathe kukuuza. A Rashidi akubwerera konko sabata yamawa ndi lole yawo, ndawapempha kuti akupatse iweyo, osati munthu wina.

Mng'ono wako Tionge ali m'chipatala ku Boma, lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Usadzidzimuke, zoopsa zadutsa. Anayamba ndi kutentha thupi, kenako m'mimba. Amalume ako akuti tiziti ndi malungo. Amene akumudikirira ndi msuweni wako Amira, mwana wa azakhali ako, poti amakhala pafupi, komanso amakolopa pa kachipatala kena kolipira, ndiye zachipatala amazidziwako. Ine ndimapita Lachiwiri ndi Lachisanu.

A Stewart a mabwato a ku Ngala, aja amamulipirira fizi, anatumiza shuga ndi sopo. Iwo eni sanabwere, akuti atanganidwa ndi za mpingo. Tionge sopoyo sanafune ngakhale kumuyang'ana. Mwana ameneyu sakuyankhula, Rute. Amangopenya khoma.

Mpunga tinamaliza kuwokera, koma wa m'dambo la kumunsi madzi akokolola. Uzimupempherera mng'ono wako.

Ndine mayi ako,
Zelifa


Rosettenville, Joni,
9 Malichi, 2022

Amayi,

Moni, ndikhulupirira miyendo yapepukako. Ine moyo ulipo, koma tulo ndilibe.

Kalata yanu ndawerenga kanayi. Mwalemba kuti "tiziti ndi malungo." Amayi, munthu akadwala malungo sitipangana kuti tiziti chiyani. Kuno kuli mkazi wa ku Dwangwa amene timakwera naye basi. Mchemwali wake anagona wodi imodzi ndi Tionge. Wandiuza pamaso pa anthu, akuganiza kuti ndikudziwa kale: "Pepani za mng'ono wanu, mwana wamng'ono choncho kumuchotsa chiberekero." Akuti anataya mimba. Ndinatsika basi pamalo posatsikira, ndipo ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu ngati chidakwa.

Tionge ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinamubereka kumsana ine pamene inu munali kumpunga. Lero mukundibisira ngati ndine mlendo?

Ndikufuna mayina awiri. Anamupatsa mimba ndani? Anamulowetsa zinthu m'thupi ndani? Mukudziwa kuti mapepala anga anatha, ndikatuluka muno sindilowanso, n'chifukwa chake sindinanyamuke. Koma dzanja langa ndi lalitali. Amene wachita zimenezi sadzadya usipa wa chaka chino mwamtendere.

Ndiyankheni pa ulendo womwewu wa a Rashidi.

Mwana wanu,
Rute


Ngala,
11 Epulo, 2022

Kwa Rute, mdzukulu wa malemu amayi anga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Kuno tili bwino, nyanja yayamba kupatsa.

Kalata yako mayi ako anandionetsa akulira. Ndawaletsa kuyankha. Mwini mbumba ndine, choncho ndikuyankha ndine, ndipo ndiyankha kamodzi.

Zimene wamva n'zoona. Mng'ono wako anachita tchimo lalikulu, anataya pakati pa miyezi itatu, ndipo Mulungu wamulanga m'thupi lomwelo. Mwini pakatipo sakudziwika. Ana a masiku ano amangoyendayenda m'mathandala a usipa ndi alovi, asodzi obwera aja, lero ali pano mawa ali ku Likoma. Ungamugwire ndani?

Za amene anamuchita, ganiza wekha. Mwana akudwala sanauze mayi ake, sanauze ine, anakwera minibasi n'kukagwera pakhonde la Amira. Chifukwa chiyani Amira? Amagwira kuti ntchito Amira? Zitsulo za kuchipatala amazitsuka ndani? Sindikutchula munthu, ndikungofunsa. Azakhali ako atakwatiwa kumzikiti ndinanena kuti mtundu wasokonekera, anthu anandiona ngati wankhanza.

Tsono tamvera. Nkhani iyi ife taikwirira. Ikafika kwa apolisi, mng'ono wako yemweyo akaseweza zaka zisanu ndi ziwiri. Komanso ukudziwa kuti ine ndine kalaliki wa mabwato a bambo Stewart, amenenso ndi wapampando wa komiti yathu yokana bilu yololeza kutaya pakati imene ikuvuta pawailesi ija. Tikukonza msonkhano waukulu mu Ogasiti, mipingo yonse pamodzi ndi mashehe. Ine ndine mlembi. Taganiza manyazi ake anthu atamva kuti m'nyumba ya mlembi momwemo mwachitika zoterezi. Bambo Stewart atamva anagwetsa misozi, koma mwa chifundo chawo akuti fizi apitiriza mwanayo akachira. Anthu otere ndi osowa.

Iwe gwira ntchito, tumiza thandizo, pakamwa utseke.

Amalume ako,
Cyril Kampira


Rosettenville, Joni,
2 Meyi, 2022

Amira,

Moni sindikupatsa.

Tinasamba dooko limodzi ine ndi iwe. Bambo anga atamwalira unagona nane mphasa imodzi sabata yathunthu. Pochoka ndinakugwira dzanja pa depoti ya Boma, ndinati undiyang'anire mwanayu. Wamuyang'aniradi. Wamutumbula ngati kampango.

Unalandira zingati? Kapena ndi njiru, poti iwe zaka zisanu ndi chimodzi m'banja ulibe wokutcha mayi, ndiye unati naye Tionge asadzamve kulira kwa khanda? Wakolopa pansi zaka zingati kuti udzione ngati dokotala?

Amalume akuti nditseke pakamwa. Iwo ndi amantha, ine ayi. Kalata ina ndalembera apolisi, dzina lako, la mwamuna wako Fakiri, nyumba yanu kuseri kwa msika, ndi kumene umagwira ntchito. Ndalemba kuti mwanayo unachita kumukakamiza. A Rashidi sakudziwa zili m'katimo, angoisiya pakauntala.

Ndafuna umve kwa ine, kuti akamadzagogoda usadzafunse kuti wakupereka ndani. Ndine. Ukakhale m'menemo mpaka tsitsi lichite imvi.

Rute


Liwaladzi,
6 Juni, 2022

Rute,

Moni. Sindifunsa za moyo wako.

Wachita chiyani, mwana iwe? Safunsa anadya phula. Amira apolisi anamutenga Lachitatu masana akuanika zovala, akazi onse a kuseri kwa msika akuonerera. Anakhala m'chitokosi masiku asanu ndi anayi. Anamufunsa kuti anene amene anachita ngati si iye, anangoti, "Ndinalumbira kwa mwanayo, akanene yekha." Apolisi atabwera kuno kudzafunsa Tionge, amalume ako anakhala pampando pakati pawo n'kumayankha okha, akuti mwanayo mutu sukuyenda.

Chimene sunkadziwa ndi ichi. Amira anali woyembekezera, miyezi inayi. Sanauze anthu poopa maso, ine ndekha anandinong'oneza kuchipatala kuja. Tsiku lachisanu ndi chinayi anayamba kutaya magazi. Anathamangira naye kuchipatala, koma pathupi panapita padera. Anali wamwamuna. Fakiri anakaika yekha ndi akulu awiri a kumzikiti. Ine ndinapita kukapepesa, azakhali ako sananditulutsire mphasa. Ndinakhala padothi, ndipo ndinaona kuti ndi pondiyenera.

Panopa Amira ali panja pa belo, ntchito anamuchotsa, mlandu ukadalipo.

Nanenso ndili ndi mbali yanga. Kalata ya amalume ako sindinaione, ndinangomva kuti ayankha. Ndikanadziwa zimene analembamo ndikanayenda wapansi mpaka ku Ngala kukaing'amba.

Tionge atamva za Amira anasanza, kenako anandipempha pepala ndi cholembera. Kalata yake ili m'envulopu yomweyi. Anandiwerengera asanamate. Uikhalire pansi.

Mayi ako,
Zelifa


Liwaladzi,
6 Juni, 2022

Achemwali,

Moni. Ine ndikuyenda tsopano, koma pang'onopang'ono. Chilonda chauma.

Munafunsa mayina awiri. Loyamba ndi a Stewart.

Zinayamba chaka chatha teremu yachiwiri. Ankati risiti ya fizi ndizikatenga ndekha ku ofesi yawo ku Ngala, ndipo ndikafika ankawatuma amalume kugombe kukaona injini. Tsiku loyamba ndinakuwa. Anati, "Kuwa, ukuganiza akhulupirira iwe kapena ine?" Anandigulira kafoni kuti azindiitanira. Ndinkabisa m'thumba la ufa wa kondowole.

Mu Januwale nditaona kuti miyezi iwiri yadutsa, ndinapita ndekha pa chipatala china chaching'ono kumene sandidziwa. Namwino wake anali mayi wabwino. Ndinamuuza zonse, kupatula dzina. Ndinagwada, achemwali, ndinamugwira miyendo. Iye anandidzutsa n'kunena kuti, "Mwanawe, manja anga ndi omangidwa. Amatilola pokhapokha moyo wa mayi uli pachiswe. Iwe uli bwinobwino." Anandilembera tsiku loyamba sikelo. Ndinatuluka ndi kabuku ka sikelo m'thumba la yunifolomu.

Nditawauza a Stewart sanayankhe masiku awiri. Kenako anatumiza uthenga wa mawu pafoni kuti ndipite kwa mayi ena a ku Dwangwa, anawalipira kale. Dzina lachiwiri ndi limenelo, koma sindikulidziwa, amangoti Adona. Nyumba yawo ili m'mizimbe. Anandigoneka pa thumba, anasongola phesi la chinangwa ndi mpeni ine ndikuona. Anandilumitsa chitenje. Atatha anati ndisachotse, chituluka chokha.

Linali Lachinayi. Loweruka thupi linatentha, amayi anandigulira mankhwala a malungo. Lolemba ndinayamba kudzimva fungo ndekha. Ndinaopa kuwauza amayi, ndiye ndinakwera minibasi kupita kwa a Amira. Ndinagwa pakhonde pawo dzuwa lili paliwombo. Iwo sankadziwa kalikonse. Anandikweza pa kabaza, iwo akuthamanga pambali atandigwira kuti ndisagwe, opanda nsapato, mpaka kuchipatala. Magazi atasowa anakokera a Fakiri kuti apereke awo. Adokotala anati tikanachedwa ola limodzi bwenzi akusoka nsalu ya maliro.

Tsiku limenelo palibe ananena kuti manja ndi omangidwa. Moyo wanga unali pachiswe tsopano, ndiye zonse zinaloledwa. Ndimaganiza zimenezi kawirikawiri. Ndikanakhala chomwecho tsiku ndinagwada lija, bwenzi ndili ndi chiberekero.

Amalume akudziwa. Atabwera kuchipatala anasecha chikwama changa, anapeza kafoni kaja, anamva uthengawo ine ndikuwaona. Nkhope yawo inachita ngati phulusa. Anati ndikatsegula pakamwa ndikafera kundende, ndipo foniyo anakaiponya m'nyanja. Ine ndinaopa, n'chifukwa chake a Amira anagona m'chitokosi. Mwana wawo tamupha anthu atatu: inu, amalume ndi ine.

Koma uthengawo ndinali nditausunganso pa memori khadi, ndipo khadilo ndinalisokerera mumpendero wa siketi ya sukulu. Lilipo.

Sindikuopanso ndende. Chimene ndikufuna n'chakuti a Stewart amve mmene zimamvekera anthu akamakuyang'ana.

Mng'ono wanu,
Tionge


Rosettenville, Joni,
1 Julayi, 2022

Amayi ndi Tionge,

Moni nonse. Ine kuntchito ndaswa mbale ziwiri, abwana akuganiza kuti ndayamba mowa.

Za Amira, ndayamba kalata yake kasanu n'kung'amba. Ndatumiza katoni kudzera kwa a Rashidi, muli nsalu, mafuta, nsapato ndi kapepala ka mizere itatu. Mukamupatse. Ndikudziwa kuti sizikwana.

Amalume musadzawatchulenso kwa ine. Anandisongola ngati phesi lomwe lija n'kundilozetsa kwa munthu wosalakwa, kuti ntchito yawo ya ukalaliki isathe.

Tsono Stewart. Sindimuikira "a" munthu ameneyu. Kuno kuli amuna awiri a kwathu konko amene akubwera mwezi uno. Ndayankhula nawo. Mabwato ake asanu aja amagona pagombe ndi injini zake, petulo amakhala pafupi. Ndiwapatsa malipiro anga a miyezi itatu. Ndikufuna adzaime pamchenga akuonerera phulusa. Akafuna kumuthyolanso miyendo, ine sindiwaletsa. Ndingofuna mundiuze ngati mlonda wake akadali wogontha uja.

Khadilo musapereke kwa munthu. Apolisi akalilandira, Stewart adzagula nkhaniyo ndi mabigili awiri a usipa.

Ndiyankheni msanga.

Rute


Rosettenville, Joni,
12 Ogasiti, 2022

Amayi,

Moni. A Rashidi abwera kawiri opanda kalata. Akuti munangowauza kuti, "Mukamuuze asatume munthu, adikire." Ndidikire chiyani? Ndamva kuti mwabwerera kukwaya ya amayi, mukuphunzira nyimbo zoti mukaimbe pamsonkhano wa Stewart. Akuti mwasoketsa ndi yunifolomu yatsopano. Zoona, amayi? Mwana wanu ali ndi chipsera kuchokera pamchombo mpaka pansi, inu mukukavinira amene anamuchita?

Ngati mwasankha amalume ndi shuga wa Stewart, ndiuzeni, ndidziwe kuti ndatsala ndi Tionge yekha.

Rute


Liwaladzi,
29 Ogasiti, 2022

Wokondedwa Rute,

Moni, mwana wanga wopupuluma. Ife tadzuka bwino, ndipo ine ndagona tulo koyamba chaka chino.

Sindinakuyankhe dala. Iwe ukadziwa chinthu, Joni yense amadziwa, ndipo mkwiyo wako unatiphera kale mwana mmodzi. Mabwato ukanawotcha, alovi makumi atatu akanagona ndi njala, mwini wake n'kukhala wachisoni wa mpingo wonse. Ine ndinkafuna china.

Kukwaya ndinabwereradi. Ukudziwa kuti masiku ano timaimba motsatira zing'wenyeng'wenye za pa fulashi. Amene ndimasunga fulashi ya kwaya ndine, poti ndine wamkulu. Ndinapita kwa Fakiri ndi khadi la Tionge. Poyamba sanafune kundiona. Ndinati, "Bambo, mverani kaye ichi, mukatha mundithamangitse." Anamvera pafoni yake kawiri. Anatenga fulashi ija, anakabwera nayo n'kuti, "Nambala wani ndi imeneyo, mayi. Ndaibwereza katatu."

Msonkhano unali Loweruka pabwalo la mpira. Anthu anadzaza, a mipingo yonse, mashehe atakhala kutsogolo ndi abusa, ana asukulu atanyamula zikwangwani. A Stewart anavala suti yoyera. Anayankhula pafupifupi ola. Anati mkazi wotaya pakati ndi mfiti yodya mwana wake. Anati boma lisafewetse lamulo, liwonjeze zaka. Anati, "Ine ndikanakhala woweruza, wotaya ndi womuthandiza ndikanawamangirira mwala umodzi." Anthu anawomba m'manja. Amalume ako ankalemba m'buku.

Kenako anaitana kwaya yathu. Tinafola, ine ndinapereka fulashi kwa a Percy a zokuzira mawu, ndinati nambala wani, mukweze ndithu, amayiwa ndi okalamba samva. Tinakonza mapazi kuti tiyambe. Ndiye m'masipika monse munatuluka mawu a munthu yemwe anali atangokhala pansi:

"Tionge, usandichititse manyazi. Mawa upite kwa mayi aja a ku Dwangwa, ndawalipira kale. Chinthucho chichoke Lamulungu lisanafike. Ukauza munthu, sukulu yathera pomwepo, ndipo amalume ako ntchito yatha."

Rute, mawu aja anayambanso kachiwiri. A Stewart anadzuka akukuwa, "Zimitsani! Zopanga zimenezo!" Koma mawu okuwawo ndi a m'sipika anali amodzimodzi, ngakhale mwana anamva. A Percy anagwira waya kuti azule, Fakiri anali ataima kale pambali pawo, anangowagwira dzanja n'kuti, "Isiyeni ithe."

Kachitatu kasanathe, Tionge anatuluka m'gulu la anthu atavala yunifolomu yake ya sukulu. Zimenezi sitinapangane. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, anatenga maiki m'manja mwanga. Anati, "Tionge wake ndine. Ndili Fomu 2. Ndinapita kuchipatala kukapempha, anandibweza. Awa ananditumiza kwa a phesi la chinangwa. Chiberekero ndilibe. A Amira anandipulumutsa, sanandichite kanthu." Anabweza maiki. Sanalire.

Mayi Nester, akazi awo a Stewart, anali pampando wachiwiri. Anavula duku la bungwe la amayi, analipinda bwinobwino, analiika pamiyendo ya amuna awo n'kuchoka osatembenuka. Shehe wina wokalamba anafunsa mokweza kuti, "Mwanayu ali ndi zaka zingati?" Nditayankha, analavula pansi. Amayi a m'misika anayamba kuyandikira nsanja atavula masilipasi. Apolisi amene anabwera kudzalondera msonkhano ndi omwe anawatulutsa a Stewart, suti ija itadzaza fumbi, nsapato imodzi itatsala. Anagona kupolisi, ndipo mpaka lero sanatuluke. Mlandu ndi wogona ndi mwana. Adona a ku Dwangwa athawa. Mlandu wa Amira autseka Lachinayi. Tionge akuti samuimba mlandu, ndi mboni.

Amalume ako anabwera Lamulungu, akuti ndaphetsa mtundu. Ndinawauza kuti asiye foni yanga pampando, atuluke, ndipo pamaliro anga asadzabwere. Anasiya.

Kukwaya andiimitsa. Ena akuti ndanyozetsa mpingo, ena akubwera mobisa kudzandigwira chanza. Mayi wina amene ananyamula chikwangwani tsiku lija anabwera kudzandiuza za mwana wake amene tinaika chaka chatha, uja tinkati anafa ndi kuchepa magazi. Za biluyo usandifunse, ine sindinaphunzire. Ndikhulupirirabe kuti mimba ndi ya Mulungu. Koma namwino uja akanamuthandiza mwana wanga tsiku anagwada lija, ine ndikanakagwada kwa Mulungu m'malo mwake moyo wanga wonse, ndipo sindikanadandaula.

Amuna ako awiri aja uwauze ndalama akubwezere. Katoni ya Amira ndinakapereka.

Mayi ako,
Zelifa


Nkhotakota Boma,
18 Sepitembala, 2022

Rute,

Salamu. Ine ndikupatsa moni, chifukwa ndinaphunzitsidwa kuti moni samana ngakhale mdani.

Katoni yako a Rashidi akubwezera, zonse zili momwemo. Kapepala kokha ndinawerenga. Walemba kuti unanamizidwa. N'zoona. Koma amalume ako sanakuuze kuti ndine chumba wanjiru. Amenewo anali mawu ako, unali nawo kale m'mimba, unangopeza tsiku lowatulutsira.

Unandifunsa kuti ndinalandira zingati. Ndikuyankhe. Ndinalandira masiku asanu ndi anayi pasimenti, ndi kamtolo kakang'ono kamene Fakiri ananyamula m'manja awiri. Tinali titasankha dzina. Sindikuuza.

Tionge akanabwera kwa ine asanapite ku Dwangwa, sindikudziwa chimene ndikanamuuza. Chipembedzo changa chili ndi mawu ake pa nkhani imeneyi, ndipo ine ndimaopa Mulungu. Koma munthu akagwa pakhonde pako akuwukha magazi sufunsa kuti wachimwa chiyani. Ndikanamunyamulanso lero. Amabwera kuno Loweruka lililonse, ndimamuluka tsitsi. Januwale ayambiranso sukulu, azikhala kwathu kuno. Iyeyo ndilibe naye mangawa, anali mwana woopsezedwa. Mayi ako ndinawakhululukira tsiku anakhala padothi.

Stewart tsiku la mlandu wake ndidzakhala pabenchi yakutsogolo, ndipo ndidzapita tsiku lililonse mpaka chigamulo. Ndikufuna azindiona.

Iwe usandilemberenso, usanditumizire kanthu. Anandimanga masana, akazi a kuseri kwa msika akuona. Ngati ukufuna chikhululuko, ubwere wekha masana, uime pabwalo lomwelo, uwaitane akazi omwewo, uwerenge mokweza kalata unandilembera ija. Ndaisunga. Ukamaliza, Fakiri akakuonetsa pamene tinamuika.

Ukuti ukatuluka ku Joni sudzalowanso. Ndamva. Sankha.

Amira